Mbewa yosambira m'galasi ndi mbiri ya ketamine

Mu 1977, Roger Porsolt, wofufuza za mankhwala ku France, adatulukira njira yotsika mtengo yoyesera mankhwala a matenda a kukhumudwa. Ankaika khoswe kapena mbewa m'chigubu chagalasi chodzaza madzi, chakuya moti miyendo singafike pansi. Poyamba kanyamako kamaphiriphitha, kukanda galasi kufuna potulukira. Pakapita mphindi zingapo kamangoyandama, mphuno yokha ili kunja. Wofufuza amakhala ndi wotchi m'manja, kuwerenga nthawi imene kangoti duu. Mankhwala akakapatsa mphamvu yolimbana nthawi yaitali, ankati ali ndi tsogolo.

Masiku amenewo maso a akatswiri anali pa serotonin ndi noradrenaline. Glutamate, ngakhale ndiyo imanyamula mauthenga ochuluka muubongo, ndi ochepa ankaiganizira pa nkhaniyi. Zinthu zidasintha mu 1990 pamene Ramon Trullas ndi Phil Skolnick, a ku National Institutes of Health ku America, adapatsa mbewa mankhwala otseka malo amene glutamate imafikira, otchedwa NMDA. Mbewazo zidachepetsa kuyandama, monga zimachitira zikalandira mankhwala akale a matenda a kukhumudwa.

Ofufuza za nkhawa adali ndi chida chawochawo: thabwa lokwezeka looneka ngati mtanda, nthambi ziwiri zotchingidwa ndi makoma, ziwiri zapambalambanda. Khoswe wamantha amabisala kotchingako. Mankhwala otseka NMDA monga MK-801 ankamutulutsa poyera. Koma apa m'pofunika kusamala, chifukwa MK-801 imapangitsa nyama kuyendayenda mosakhazikika. Kodi mantha atha, kapena yangobalalika? Mu 1989 John Olney adaonetsanso kuti mankhwalawa amaononga maselo ena muubongo wa makoswe.

Chomwe chidapulumutsa ganizo la glutamate lija ndi ketamine, mankhwala ogonetsa odwala pa opaleshoni omwe zipatala zathu za m'maboma zimawadziwa bwino. Calvin Stevens adawapanga mu 1962, ndipo mu 1983 gulu la David Lodge ku Britain lidapeza kuti nawonso amatseka NMDA. Mu 2000, madokotala a ku Yale adalengeza kuti odwala matenda a kukhumudwa asanu ndi awiri omwe adalandira ketamine wochepa kudzera mumtsempha adapepukidwa m'masiku atatu okha, pomwe mapiritsi akale amatenga masabata. Mu 2010 gulu la Ronald Duman lidabwerera ku makoswe n'kuona kuti akawapatsa ketamine, tsiku limodzi lokha limakwana kuti maselo a kutsogolo kwa ubongo aphuke timphukira tatsopano tolumikizirana. Mu 2019 America idavomereza Spravato, mtundu wa ketamine wopopera m'mphuno.

Komatu mbewa idanamizanso anthu kambirimbiri. Mankhwala a lanicemine, rapastinel ndi basimglurant adachita bwino pa nyama, koma pa anthu adagwa chagada. Akatswiri ena akuti kuyandama kuja si kutaya mtima ayi, n'kusunga mphamvu basi, ndipo kwa ine mfundoyi ndi yomveka: mbewa yochenjera ingadzitopetserenji pomwe yaona kuti potulukira palibe? Mu 2022 gulu la Todd Gould ku Maryland lidapeza chodabwitsa china. Ketamine ankagwira ntchito pa mbewa zawo wobaya jakisoni akakhala mwamuna, koma akakhala mkazi, ayi ndithu. Fungo la mwamuna linkazisautsa mbewazo, ndipo kusautsikako n'kumene kunkatsegulira mankhwalawo njira.