Mvula ya ku Lifidzi ndi malasha a ku Moatize

Angoni a Maseko atakhazikika m'tsinde mwa phiri la Domwe cha m'ma 1870, anapeza zimene mwini ng'ombe amafuna: msipu wokwanira, madambo osaphwa, ndi mvula yodziwa nthawi yake. Achewa amene anawapeza kumeneko anali ataitcha kale mayina mvulayo. Chizimalupsa inkagwa tchire litangopsa, ndipo mlimi wodziwa zinthu sankaithamangira ndi mbewu. Ankapitiriza kugalauza mizere, kudikira yobzalira ya mu Novembala. Ikachedwa, akuluakulu ankatenga ufa ndi mowa n'kukathira nsembe patsinde pa mtengo, poti vuto ankaliona kuti lili pakati pa mudzi ndi mizimu yake.

Malire a 1891 anasiya Lifidzi, kufupi ndi Domwe, m'manja mwa Apwitikizi, pomwe abale a ku Dedza ndi Ntcheu anagwera kwa Angerezi. Ansembe a Chijezwiti anatsegula mishoni ya Lifidzi mu 1908, anachotsedwa boma la ku Lisbon litasintha mu 1910, n'kudzabweranso mu 1941. Nthaka ndi mvula yomweyo inakopa atsamunda olima chimanga ndi mbatata ya kachewere, ndipo ufulu utabwera mu 1975, minda yawo yambiri inalowa m'kampani ya boma ya CAIA. Angónia, dera lomwe muli Lifidzi, inatchuka monga nkhokwe ya chigawo cha Tete.

Kenako nkhondo yapachiweniweni. Pa 30 Okutobala 1985, ansembe awiri, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi, ndipo m'zaka zimenezo midzi yambiri inasamukira ku Malawi. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, chaka chomwe chilala chinawotcha kumwera konse kwa Africa. Obwerera kwawo anapeza minda itasanduka tchire. Nkhwangwa inagwira ntchito: milimo ya nyumba, nkhuni zowotchera njerwa, makala, kenako mitengo ya zigafa fodya wa bale atafala. Munthu wongobwera kumene ndi mphika pamutu sakanachitira mwina.

Lero mvula ija yataya mwambo. Mu 2015/16 nyengo ya El Niño inadula zokolola m'dera lonseli, mu 2017 mbozi za ntchemberezandonda zinalowa m'chimanga, ndipo mu Febuluwale 2024 ng'amba inakuta Zambia, Malawi ndi Tete pa nthawi yoipitsitsa, chimanga chikumasula ngayaye. Amene anaonapo munda wotero saiwala: masamba amapiringizika ngati a anyezi dzuwa lisanafike paliwombo, ndevu zimauma, ndipo ukasenda chisononkho umapeza timaso towerengeka. Feteleza wa ngongole ali m'nthaka momwemo. N'chifukwa chake dimba, lomwe kale linali la ndiwo ndi mondokwa wa ana, lasanduka munda wodalirika. M'madambo muli zitsime zokumba ndi khasu, makheni, tomato, kabichi ndi mbatata, ndipo ng'ombe zomwe zinakokera Angoni kuno zikulimbirana msipu ndi mabedi a anyezi.

Mvula ikati igwe, imagwanso mopanda ulemu. Madzi a m'mapiri a Angónia amatsikira mu Revubwe, mtsinje umene unasefukira ku Tete mu Malichi 2019, masiku ochepa namondwe Idai asanakanthe Beira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadula mlatho wa pa Revubwe wolumikiza Tete ndi Moatize.

Pamisonkhano ya zaulimi, mlandu amakonda kuugwetsera mlimi ndi nkhwangwa yake. Mbali ina n'zoona: phiri lometedwa silisunga madzi, dothi limakokoloka, ndipo dambo limaphwa msanga. Koma nkhwangwa ya ku Lifidzi si imene yatenthetsa nyanja ya India kumene anamondwe amabadwira. Mpweya wa kaboni m'mlengalenga unali magawo pafupifupi 280 pa miliyoni mafakitale asanayambe. Tsopano wapitirira 420, makamaka chifukwa chowotcha malasha, mafuta ndi gasi m'mayiko olemera. Mpweyawo umatsekera kutentha ngati bulangete. El Niño ndi yakale, koma ikapeza nthaka yotentha kale, chinyezi chimatha msanga, ndipo mlengalenga wotentha umasenza madzi ambiri n'kuwakhuthula pakamodzi.

Chodabwitsa n'chakuti malasha ena otero amachokera m'chigawo chomwechi, kumunsi kwa Revubwe yemweyo. Kampani ya ku Brazil ya Vale inayamba kukumba ku Moatize mu 2011, n'kugulitsa mgodiwo kwa Vulcan mu 2022. Sitima za malashawo zimadutsa m'Malawi, kuwoloka Shire pa Liwonde, kutulukira pa Nayuchi mpaka ku Nacala, kumene malashawo amakwezedwa m'zombo zopita ku ng'anjo za kutsidya kwa nyanja.