Kozłowiecki (dzina la banja)

Kozłowiecki ndi dzina la banja lochokera ku Poland. Lili m'gulu la mayina a Chisilaviki, kutanthauza mayina ochokera m'zilankhulo zapachibale monga Chipolishi, Chirasha, Chicheki, Chiyukireniya ndi Chisebiya. Ngakhale kwawo ku Poland dzinali silipezeka wambawamba, koma m'chigawo chino cha Africa limadziwika chifukwa cha Kadinala Adam Kozłowiecki (1911-2007), wansembe wa chipani cha Ajezuiti amene anakhala arkiepiskopi woyamba wa Lusaka ndipo anagwira ntchito m'dziko la Zambia kwa zaka 61. Munthu wamkazi wa m'banjali amatchedwa Kozłowiecka, ndipo banja lonse pamodzi limatchedwa Kozłowieccy.

Katchulidwe ndi kalembedwe

Dzinali silitchulidwa momwe maso a wowerenga Chichewa amalionera. Malembo atatu ndiwo amasokoneza. Loyamba ndi ł, lomwe ndi l wokhala ndi kamzere kodutsa pakati. M'Chipolishi cha masiku ano lemboli limamveka ngati w wa m'mawu oti "wowawa". Limapezekanso m'mayina odziwika monga Wałęsa ndi Wojtyła. Lachiwiri ndi w, amene Apolishi amamutchula ngati v. Lachitatu ndi c, amene amamveka ngati ts wa m'mawu oti "tsiku". Choncho dzinali lili ndi maphatikizo anayi: Koz-wo-vyets-ki.

M'Chichewa pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu, ndiye wolankhula Chichewa kapena Chinyanja amaonjezera malembo a liwu pakati, n'kutulutsa mawu omveka ngati "Kozuwovyetsiki". Katchulidwe kameneka n'koyandikira kwambiri kwa eni dzina kusiyana ndi ka munthu wongotsata malembo, amene amatchula l, w ndi k pamalo pamene Apolishi satchula choncho. M'zikalata ndi m'nyuzipepala zambiri za ku Zambia dzinali limalembedwa Kozlowiecki, lopanda kamzere, chifukwa mataipi akale a Chingerezi analibe lembo la ł, ndipo chizolowezicho chinangopitirira mpaka m'nthawi ya makompyuta.

Chinanso choyenera kudziwa n'chakuti mayina a Chipolishi amasintha mathero malinga ndi ntchito yawo m'chiganizo. Chinthu chotchulidwa polemekeza munthu wa dzinali, monga sukulu kapena msewu, chimalembedwa ndi mathero akuti Kozłowieckiego. Limeneli si dzina lina ayi, koma lomwelo litavala mathero a umwini.

Chiyambi cha dzinali

Tsinde la dzinali ndi mawu a Chipolishi akuti kozioł, kapena kozieł m'katchulidwe kakale, omwe amatanthauza tonde. Mbuzi yaikazi ndi koza. Mawuwa ndi akale kwambiri ndipo amapezeka m'zilankhulo zina za Chisilaviki, n'chifukwa chake pali mayina apachibale monga Kozlov ku Russia, Kozel ku Czechia, komanso Kozioł, Kozieł ndi Kozłowski ku Poland komweko.

Komabe dzina la Kozłowiecki silinachoke pa tonde mwachindunji. Pakati pake pali dzina la malo. Midzi yambiri ya ku Poland inatchedwa mayina ochokera ku tsinde limeneli, monga Kozłów, Kozłowo, Kozłowiec ndi Kozłówka, mwina chifukwa cha mbuzi zenizeni kapena chifukwa cha munthu woyamba kukhala pamalopo amene ankatchedwa Kozieł. Kenako pa dzina la mudzi pankaphatikizidwa mathero akuti -ski kapena -cki, omwe amasandutsa dzina kukhala mfotokozi wotanthauza "wa kumalo akutiakuti". Munthu wa ku Kozłów kapena Kozłowo amakhala Kozłowski. Mawu akuti kozłowiecki amapangidwa kuchokera ku mayina monga Kozłowiec ndi Kozłówka. Umboni wake ulipo mpaka lero kumpoto kwa mzinda wa Lublin, komwe nkhalango yotetezedwa yoyandikana ndi mudzi wa Kozłówka imatchedwa Kozłowiecki Park Krajobrazowy. Pamenepa mawuwa sakunena za banja lililonse, akungofotokoza kuti nkhalangoyo ndi ya ku Kozłówka.

Wowerenga wa ku Malawi sangadabwe ndi dzina la munthu lochokera ku nyama kapena ku malo, poti kuno kuli a Njovu ndi a Phiri. Kusiyana kuli pa njira imene dzina limayenda. Ku mapiri a Dowa, dzina loti Msakambewa ndi la mfumu, ndipo dera lonse limatchedwa ndi dzina la mfumuyo. Munthu amati "kwathu ndi kwa Msakambewa". Ku Poland mayina a -ski ndi -cki anayenda mobwerera: mudzi ndiwo unapereka dzina kwa mwini wake.

Mayina a -ski ndi -cki m'mbiri ya Poland

Mayina a mtunduwu anayamba kufala m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500 pakati pa szlachta, gulu la eni nthaka amene anali ndi ufulu wapadera m'dzikomo. Poyamba munthu ankalembedwa ndi dzina lake la ubatizo ndi mudzi wake, monga Jan z Tarnowa, kutanthauza Jan wa ku Tarnów. Pambuyo pake kalembedweka kanafupikitsidwa n'kukhala Jan Tarnowski. M'masiku oyambirira dzinali silinali lokhazikika. Munthu akagula kapena kulandira mudzi wina ankatha kusintha dzina, ndipo ana a bambo mmodzi ankatha kukhala ndi mayina osiyana ngati agawana midzi. Patapita mibadwo ingapo m'pamene mayinawa anakhazikika n'kumachoka kwa bambo kupita kwa ana.

Popeza mathero a -ski ankamveka aulemu, anthu a m'matauni ndi alimi wamba nawonso anayamba kuwatenga, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 1600. Kotero mathero okha sakwanira kutsimikizira kuti banja linali la eni nthaka, ngakhale anthu ambiri kunja kwa Poland amaganiza choncho.

Chimene chinkasonyeza bwino gulu la banja ndi herb, chizindikiro cha pachishango. Ku Poland chizindikiro chimodzi chinkagwiritsidwa ntchito ndi mabanja ambiri a mayina osiyana, ndipo chinali ndi dzina lakelake. Pamenepa herb ikufananako ndi chiwongo, chomwe chimalumikiza anthu a mayina osiyana okhala kutalikirana. Banja la Kadinala Kozłowiecki linali la herb yotchedwa Ostoja, yomwe imaonetsa miyezi iwiri yagolide yongooneka kumene, yofulatirana, ndi lupanga pakati pake pa chishango chofiira.

Banjali linali ndi malo ku Huta Komorowska, pafupi ndi Majdan Królewski, m'boma la Kolbuszowa kum'mwera chakum'mawa kwa Poland. Dziko la Poland litagawidwa ndi Russia, Prussia ndi Austria m'zaka za 1772, 1793 ndi 1795, derali linagwera m'manja mwa Austria, m'chigawo chotchedwa Galicia. Poland anadzaimanso payekha mu 1918.

Kuchuluka kwa dzinali

Dzina lofala kuposa onse ku Poland ndi Nowak, lomwe lili ndi anthu pafupifupi 200,000. Kowalski ndi Wiśniewski amatsatira. Kozłowski, mbale wake wa dzina lino, lili pakati pa mayina 20 ofala kwambiri m'dzikomo. Kozłowiecki lili kutali kwambiri ndi gulu limeneli. Chifukwa chake chikuoneka m'kapangidwe ka mayinawa: midzi yotchedwa Kozłów ndi Kozłowo inali yambiri, ndipo uliwonse unkatha kubala a Kozłowski akeake osakhala pachibale, pamene mathero a -wiecki ankafuna dzina la malo la mtundu wina umene sunali wochuluka chotero.

Ofufuza za mayina a ku Poland amadalira kwambiri ntchito ya katswiri wa zilankhulo Kazimierz Rymut wa ku Kraków, amene pakati pa 1992 ndi 1994 anatulutsa mabuku 10 a mayina ogwiritsidwa ntchito m'dzikomo, potengera kaundula wa boma wotchedwa PESEL. Powerenga ziwerengero zotere pamafunika kuphatikiza amuna ndi akazi, chifukwa Kozłowiecki ndi Kozłowiecka nthawi zambiri amalembedwa padera. Kunja kwa Poland vutoli limatembenuka: m'mayiko olankhula Chingerezi akazi ambiri amalembedwa ndi mathero a amuna, ndipo kamzere ka ł kamasowa.

Dzinali ku Zambia

Mayina a Chipolishi anafika ku Northern Rhodesia m'njira ziwiri. Yoyamba inali ya amishonale. Ajezuiti ochokera ku Poland anagwira ntchito m'mamishoni monga Katondwe, Chingombe ndi Kasisi, ndipo m'modzi mwa iwo, Bruno Wolnik, anatsogolera mpingo wa Katolika m'derali kuyambira 1927 mpaka 1950. Yachiwiri inali ya othawa nkhondo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Apolishi amene anatulutsidwa mu Soviet Union kudzera ku Iran anasungidwa m'misasa ya ku Lusaka, Bwana Mkubwa, Abercorn (tsopano Mbala) ndi Fort Jameson (tsopano Chipata). Ambiri a iwo anachoka nkhondo itatha, ndipo mayina awo anapita nawo limodzi. Dzina la Kozłowiecki linabwera m'njira yoyamba ija.

Adam Kozłowiecki anabadwa pa 1 Epulo 1911 ku Huta Komorowska. Anaphunzira pa sukulu ya Ajezuiti ku Chyrów, analowa chipanichi mu 1929, ndipo anadzozedwa unsembe mu 1937. Mu Novembala 1939 apolisi a Gestapo anawagwira ku Kraków pamodzi ndi Ajezuiti anzawo. Atasungidwa m'ndende za Montelupich ndi Wiśnicz, anatumizidwa ku Auschwitz mu Juni 1940, kenako ku Dachau mu Disembala chaka chomwecho. M'misasa imeneyi mkaidi sankaitanidwa ndi dzina koma ndi nambala. Anamasulidwa pa 29 Epulo 1945 pamene asilikali a America anafika ku Dachau. Zimene anaona m'zaka zimenezi anazilemba m'buku lotchedwa Ucisk i strapienie.

Mu 1946 anafika ku Northern Rhodesia n'kuyamba ntchito pa mishoni ya Kasisi, pafupi ndi Lusaka, komwe ankayang'anira masukulu. Mu 1950 anapatsidwa udindo woyang'anira mpingo m'dera la Lusaka, mu 1955 anadzozedwa uepiskopi, ndipo pa 25 Epulo 1959 anakhala arkiepiskopi woyamba wa Lusaka. Inali nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo iwo ankadziwika kuti anali kumbali ya ufulu wofanana wa anthu akuda. Anakhala nawo pa msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican (1962-1965). Analinso wapampando woyamba wa AMECEA, bungwe la maepiskopi a kum'mawa kwa Africa lomwe linayamba mu 1961, ndipo Malawi ndi membala wake. Kudzera m'bungweli dzinali linalowa m'mbiri ya mpingo wa Katolika ku Malawi.

Chinthu chimene chimakumbukiridwa kwambiri ndi momwe anachokera paudindo. Mu 1969, patapita zaka zisanu Zambia italandira ufulu, anatula pansi udindo wa arkiepiskopi kuti mpandowo ukhale wa mwana wa dzikolo. Anali ndi zaka 58 zokha, msinkhu umene maepiskopi ambiri amakhala ali pakati pa ntchito. Amene anawalowa m'malo ndi Emmanuel Milingo, wochokera m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia. A Kozłowiecki sanabwerere ku Ulaya. Anapita kukatumikira monga wansembe wamba m'mamishoni akumidzi, kuphatikizapo Chingombe, ndipo zaka zawo zomaliza anathera ku Mpunde, pafupi ndi Kabwe.

Pa 21 Febuluwale 1998 Papa John Paul II, amenenso anali wa ku Poland, anawakweza kukhala kadinala. Apa n'kuti ali ndi zaka 86, ndipo popeza anali atapyola zaka 80, sanavote nawo pa chisankho cha papa cha mu 2005. Anamwalira ku Lusaka pa 28 Seputembala 2007 ali ndi zaka 96, ndipo anaikidwa m'manda mumzinda womwewo. Patapita zaka zitatu, mu 2010, Medardo Mazombwe, amene anakhalapo episkopi wa Chipata ndi arkiepiskopi wa Lusaka, anakhala kadinala woyamba wobadwira ku Zambia.

Kumene dzinali likupezeka lero

Popeza wansembe wa Katolika sakwatira, dzinali silinasiye mbumba ku Zambia kudzera mwa kadinalayu. Limapezeka m'mabuku a mbiri ya mpingo, m'zikalata za arkidayosizi ya Lusaka ndi za AMECEA, komanso m'mbiri ya chipani cha asisitere cha Handmaids of the Blessed Virgin Mary, chomwe iwo anayambitsa. Ku Poland kuli nyumba yosungiramo mbiri yawo ku Huta Komorowska, pamalo pamene panali pakhomo pa banjali.

Pakamwa pa anthu a ku Lusaka dzina la banjali silimveka kawirikawiri. Ambiri amangoti "Cardinal Adam", potsata chizolowezi choitana ansembe ndi dzina la ubatizo komanso pozemba katchulidwe kovuta kaja. Chipatala cha Katolika cha ku Bauleni chotchulidwa powakumbukira chimatchedwa Cardinal Adam Memorial Hospital, popanda dzina la banja. Wophunzira wofuna nkhani zawo pa intaneti kapena m'laibulale ayenera kuyesa kalembedwe konse kutatu: Kozłowiecki m'zolemba za Chipolishi, Kozlowiecki m'zolemba za Chingerezi, ndi Kozłowieckiego pa mayina a mabungwe ndi nyumba za ku Poland.