Nthaka ya ku Namadzi ndi Mbiri Yake

Nonse amene mumayenda pa msewu wa Zomba kupita ku Blantyre mukudziŵa pa Namadzi, pamene basi imaima kuti mugule nthochi ndi matimati. Koma ndi angati mwa ife amene tidafunsapo za nthaka imene mbewuzo zimamerapo? Ine kwathu nkomweko, ndipo ndati ndikambeko.

Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma ang'onoang'ono m'Malaŵi muno, komatu anthu ake ndi othithikana kwambiri. M'bomali muli Phiri la Chiradzulu, ndipo kum'maŵa dziko limatsetsereka kuloŵera ku chigwa cha Phalombe. Mvula imagwa mokwanira, nthaka njachonde. Chondecho ndicho chakhala chikuitana alendo.

M'mwezi wa Julayi 1861, Bishopu Charles Mackenzie wa mpingo wa U.M.C.A., motsogozedwa ndi David Livingstone, adamanga mishoni ku Magomero m'mphepete mwa mtsinje wa Namadzi, pamodzi ndi akapolo amene adaomboledwa m'njira. Nkhondo ya pakati pa Ayao ndi Amang'anja, njala ndiponso kamwazi zidawafooketsa. Mackenzie adamwalira ndi malungo mu Januwale 1862 kumene Ruo amathira mu Shire, ndipo otsalawo adasamukira kwa Chibisa chaka chomwecho.

Patapita zaka ngati 30, malo a Magomero adagwa m'manja mwa Alexander Low Bruce, mkamwini wa Livingstone yemwe uja. Alomwe othaŵa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique adapatsidwa pokhala pa esitetiyo, koma mtengo wake udali thangata: kulima thonje ndi fodya wa Mzungu m'dzinja, pamene minda yawo inkafuna khasu. Woyang'anira esiteti, William Jervis Livingstone, adafika potentha matchalitchi a anthu ake a John Chilembwe.

Chilembwe, amene adaphunzira ku Lynchburg m'dziko la Amereka, adakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'chaka cha 1900. Madandaulo ake atsamunda sadawamvere. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake adakantha Magomero, napha W.J. Livingstone. Pa 3 Febuluwale Chilembwe adaomberedwa, tchalitchi chake chidagwetsedwa, ndipo mishoniyo idakhala yotseka kufikira Dr Daniel Malekebu adaitsegulanso mu 1926.

Nkhondo Yachiŵiri itatha, boma lidayamba kugula malo a Bruce ndi kukhazikapo anthu, ndipo thangata lidathetsedwa mu 1962. Komabe funso limene lidautsa nkhondo ya 1915 silidayankhidwe. Munda umene agogo anga aakazi adalandira adagaŵira ana awo aakazi anayi, ndipo lero zidzukulu tikulimbirana mizere. Anyamata ambiri athaŵira ku Limbe kukafuna ganyu.

Tsono ife ophunzira mbiri tisamangoloŵeza masiku a Chilembwe kuti tikhoze mayeso. Tikafika pa Namadzi titsike basi, tikafunse akuluakulu kuti munda uno udali wa yani, nanga maŵa udzakwanira angati.