Malire a malo: kuchoka pa nkhadze kufika pa kompyuta

Mu 1892, Harry Johnston, amene ankalamulira dziko lino m'malo mwa Britain, anayamba kupereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim kwa azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu. Malo ambiri anapita ndi nsalu, mikanda ndi mfuti basi. Malire ankangolemba kuti kuyambira mtsinje wakuti mpaka phiri lakuti, moti midzi yathunthu ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu inangozindikira ili m'kati mwa esiteti ya mwini. Thangata anamera pamenepo, ndipo mkwiyo umene unaphulika ku Magomero mu 1915, nthawi ya John Chilembwe, mizu yake ina inali m'mapepala amenewa.

Kumudzi kaundula anali m'mitu ya anthu. Nyakwawa ikaloza chulu, mlambe kapena mzere wa nkhadze, mboni zili pomwepo, nkhani yatha.

Dziko litalandira ufulu, lamulo la 1965 linagawa malo patatu: a boma, a munthu payekha, ndi a m'manja mwa mafumu. Mu 1967 kunabwera lamulo lolembetsa malo m'kaundula, ndipo pulojekiti ya Lilongwe Land Development Programme, imene Banki Yaikulu Padziko Lonse inathirapo ndalama, inayesa kulemba minda ya mabanja kumadzulo kwa Lilongwe. Munda wa banja lonse, ndunda, unkalembedwa kudzera mwa munthu mmodzi woimira abale. Ntchitoyi sinafalikire dziko lonse. Zimene zinachuluka ndi mafayilo a lizi ndi mapuloti a m'tauni, ounjikana m'maofesi a zamalo ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu.

Mulu umenewu ndi umene katswiri wa GIS akulimbana nawo lero. Luso la GIS, losunga mapu m'kompyuta, linayambira ku Canada m'zaka za m'ma 1960 ndi Roger Tomlinson, koma ntchito yeniyeni ndi yotopetsa maso. Katswiriyu amatenga mapu akale, ena ong'ambika m'mapindo, n'kuwajambula pa sikana. Kompyuta sidziwa kuti chithunzicho ndi cha ku Area 25 kapena ku Chilomoni, ndiye iye amafufuza mphambano ya misewu, mlatho kapena bikoni ya simenti imene malo ake enieni akudziwika, n'kukhomerera mapuwo pamenepo. Akatero amalondola malire a puloti iliyonse, ngodya ndi ngodya, pa pulogalamu ngati QGIS kapena ArcGIS, n'kuilumikiza ndi nambala yake, dzina la mwini ndi zaka za lizi.

Msampha uli apa. Mapu akale a kuno anayezedwa ndi muyezo wa Arc 1950, pamene GPS imayendera WGS 84. Akaiwala kusintha, puloti imasuntha mamita mazana angapo, nyumba ya munthu n'kupezeka pakati pa msewu. Ndipo mizere ikayamba kukwerana pa sikirini, zobisika zonse zimayera: puloti imodzi ya eni awiri, aliyense ndi chikalata chodindidwa bwinobwino. Kompyuta imaulula mkangano, koma siweruza. Ukaipatsa bodza la m'fayilo, imalisunga mwaukhondo kuposa kale.

N'chifukwa chake lamulo la 2016 la malo a m'manja mwa mafumu, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 potsatira ndondomeko ya zamalo ya 2002, linachita bwino kubwezera nkhaniyi kumudzi. Munthu akhoza kulembetsa munda wa makolo ake, koma malire amayamba atsimikizidwa ndi komiti ya zamalo, wapampando wake gulupu, ndipo mwa mamembala 6 osankhidwa, osachepera atatu akhale amayi. M'madera a chikamwini, kumene munda ndi wa mayi ndi ana ake, zimenezi si zamasewera.

Choncho oyeza malo akafika kwanuko ndi zithunzi za m'mlengalenga, musatume mwana. Pitani nokha, itanani oyandikana nawo munda, ndipo onetsetsani dzina limene lalembedwa musanasaine.