Batire lomwe linatha ntchito mu 2004

Pa 10 June 2024 alimi a fodya ku Kasungu anali kalikiliki ndi msika, ena akudinda mabelo pa jeke, ena akudikira malole opita ku okushoni ya ku Chinkhoma. M'mawa womwewo, 9 koloko itangodutsa, ndege ya asilikali ya Dornier 228 inanyamuka pabwalo la Kamuzu kulowera ku Mzuzu. Munali anthu 9, kuphatikizapo Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko Dr Saulos Chilima ndi Mayi Shanil Dzimbiri, pa ulendo wa ku maliro a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Zidutswa zake zinapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa. Panalibe wopulumuka.

Kuno kuchigwa n'kovuta kumvetsa kuti nyengo ya mu June ingagwetse ndege. Dziko ndi lathyathyathya, phiri la Kasungu umaliona uli kutali. Koma ukapitirira Jenda msewu umayamba kukwera, ndipo pa Viphya nkhungu imatsika mpaka madalaivala kuyatsa nyali dzuwa lili paliwombo. Akatswiri a ku Germany a bungwe la BFU anapeza kuti ndegeyo inkauluka m'munsi, m'nkhungu yotero, mapiri osaoneka. Komiti yofufuza za ngoziyi yomwe anaitsogolera Justice Jabbar Alide inati sinapeze umboni woti panali dzanja la munthu. Ambiri sakhutira mpaka lero, ndipo m'malo omwera tiyi mkanganowo sutha.

Chomwe chimandiwawa ine ndi china, chaching'ono. Ndege imakhala ndi kachipangizo kotchedwa ELT, komwe kamatumiza chizindikiro ikagwa kuti ofunafuna adziwe kolowera. Batire la ka m'ndege iyi linatha nthawi yake mu 2004. Zaka 20! Mwana wobadwa chaka chimenecho anakula mpaka kulemba mayeso a Fomu 4, batirelo lili pomwepo, ndege ikunyamulabe atsogoleri. Mlimi wosaona nsanamira za chigafa chake mvula isanagwe timamuseka, nanga apa tinene chiyani? N'zoona kuti batire silikanachotsa nkhungu. Koma asilikali ndi anthu a m'midzi anafunafuna m'mitengo ya paini, m'chisanu, akutsatira chizindikiro cha mafoni kufupi ndi fakitale ya matabwa ya Raiply, ndege ili chete pamalo pomwe inagwera.

Munalibenso makina ojambula mawu a oyendetsa kapena osunga mbiri ya kaulukidwe. Ofufuza anachita kutolera njira yomwe inadutsa kuchokera mu GPS. Pomwe palibe mawu ojambulidwa, mphekesera ndiye zimalankhula.

Anzathu a ku Zambia anadutsamo. Pa 27 April 1993 ndege ya asilikali yomwe inanyamula timu yawo ya mpira inagwera m'nyanja kufupi ndi Libreville ku Gabon, anthu 30 anafa, ndipo lipoti linatuluka patatha zaka 10. Ife malipoti tinawalandira msanga, sitingadandaule. A BFU analembamo zoyenera kukonza.

Tsono pa tsiku lachikumbutso, nkhata zamaluwa zikaikidwa pamanda a Chilima ku Nsipe ndi ku Chikangawa, nduna yoona za chitetezo iimirire m'Nyumba ya Malamulo, iwerenge malangizowo limodzi ndi limodzi, inene lomwe lachitika ndi lomwe silinachitike. Itiuzenso tsiku lomwe mabatire a ndege zotsalazo anasinthidwa komaliza.