Kupatsa N'kuika: Mbiri ya Nkhokwe, Chikwatu ndi Kusunga Chakudya Pakhomo

M'madera ambiri a Malawi mvula imayamba mu Novembala kapena Disembala n'kuleka mu Epulo, motero munda umabereka kamodzi pachaka, koma mimba imafuna nsima tsiku lililonse. Pachifukwa ichi, kalekale luso la banja silinkaoneka pa kulima pokha. Linkaonekanso pa kusunga. Makolo anali ndi malo atatu oikapo chakudya: nkhokwe pabwalo, tsanja m'nyumba yophikira, ndi manja a abale ndi anansi. Mbiri ya malo atatuwa ndiyo mbiri ya mmene midzi inkadutsira chaka kuchoka pa masika kufika pa masika ena.

Chimanga si mbewu yoyamba ya dziko lino. Makolo akale ankadalira mapira ndi mawere. Chimanga, chinangwa, mbatata ndi mtedza zidachokera ku America, ndipo zidafika mu Africa kudzera mwa amalonda a panyanja, makamaka Apwitikizi, chitadutsa chaka cha 1500. Pang'onopang'ono chimanga chidalanda malo a mapira, koma chidapeza nkhokwe ilipo kale. Nkhokwe inkalukidwa ndi nsungwi kapena bango, n'kukhazikidwa pa miyala kapena pa mitengo ya mphanda kuti chinyontho ndi chiswe zisafike pansi pake. Pamwamba ankaikapo denga la udzu lotheka kulinyamula. Chimanga chikauma m'mikukwe, ankachikolola n'kuchithira m'nkhokwe ndi makoko ake, pakuti makokowo ankatchinga nankafumbwe. Mtedza unkasungidwa wosaswa m'kankhokwe kakang'ono komata ndi dothi. Nyemba, khobwe ndi nzama ankazisakaniza ndi phulusa, n'kuzithira mu mtsuko womata kukamwa. Mbatata ankaikwirira m'nkhuti, chinangwa n'kuchisenda ndi kuchiyanika kuti chikhale makaka. Zitsononkho zosankhidwa kukhala mbewu ankazipachika pamwamba pa moto, pomwe utsi unkathamangitsa tizilombo.

Kuluka nkhokwe inali ntchito ya amuna. Pakati pa Achewa ndi Amang'anja, komwe mwamuna ankakakhala kwa mkazi pa chikamwini, mkamwini ankayesedwa ndi khasu m'munda wa apongozi ake ndiponso ndi kalukidwe ka nkhokwe. Koma nkhokwe ikadzaza, woyang'anira zotulukamo anali mayi wa pakhomo. Iye ndiye ankadziwa kuti dengu limodzi litha masiku angati, ndipo ndiye ankaona nthawi yoyamba kuchepetsa ufa m'mphika, kapena kusiya ufa woyera n'kuyamba mgaiwa umene sutaya madeya.

Malo achiwiri, tsanja ndi denga la nyumba yophikira, sankatamandidwa ngati nkhokwe, komabe ndi pomwe pankagona ndiwo. Nsima yopanda ndiwo siitsika kukhosi, ndipo kuyambira Ogasiti kufika Novembala tchire limakhala litapsa, minda ili mbee. Banja lopanda dimba likadasowa chodyera nsima pakadapanda mfutso. Ntchito yofutsa inkachitika chakumapeto kwa dzinja, masamba akadali anthete. Amayi ndi ana awo aakazi ankathyola nkhwani, khwanya ndi chitambe. Nkhwani ankayamba ausadzula kuchotsa minga ndi ulusi wa m'mapesi. Kenaka ankaika masambawo m'madzi owira kwa kanthawi kochepa, n'kuwatsanula, n'kuwayanika pa mphasa kapena pathanthwe mpaka ataumiratu. Pamenepa mpomwe padali luso: masamba owiritsa mopitirira ankaphwanyika, osauma bwino ankachita nkhungu. Therere ndi denje ankangoziyanika osawiritsa. Bowa wa m'nkhalango nayenso ankafutsidwa chimodzimodzi.

Mfutso ukauma, ankaukulunga m'masamba akuluakulu a msuku, n'kumanga ndi luzi kuti pakhale mpira wolimba wotchedwa chikwatu. Zikwatu ankazipachika kudenga, pomwe utsi wa tsiku ndi tsiku unkaziteteza. M'chilimwe mayi ankaboola chikwatu pang'ono, n'kutapa mfutso wokwanira tsikulo, n'kuuphika ndi chidulo kuti ufewe, n'kutendera nsinjiro. Chidulo chinkachokera ku phulusa la zitsononkho kapena makoko a nyemba, losungunulidwa ndi madzi n'kusefedwa. Palibe chinkatayika: chitsononkho chinkakhala nkhuni, phulusa lake n'kukhala chofewetsera ndiwo. Mtsikana ankaphunzira zonsezi poona amayi ake, ndipo anamkungwi ankazibwereza pomulangiza za banja. Mayi amene nyumba yake inkalendewera zikwatu zambiri sankachita manyazi mlendo akafika mwadzidzidzi.

Luso limeneli lidalembedwanso m'mabuku. M'zaka za 1938 ndi 1939 boma la atsamunda lidachita kafukufuku wa kadyedwe ka anthu m'boma la Kota Kota, lomwe lero ndi Nkhotakota ndi Ntchisi, motsogozedwa ndi Dr B. S. Platt. Ofufuzawo adakhala m'midzi ya kumapiri, ya m'munsi mwa mapiri ndi ya kunyanja, akuyeza zimene mabanja ankadya m'nyengo zonse za chaka. Mmodzi wa iwo adali mayi Jessie Barker, amene pambuyo pake adadziwika ndi dzina la Jessie Williamson. Iye adasonkhanitsa mayina a zomera ndi kaphikidwe kake, ndipo mu 1955 adatulutsa buku lotchedwa Useful Plants of Nyasaland. Zambiri za m'bukumo zidachokera kwa amayi a m'midzi, amene mayina awo sadziwika koma nzeru zawo zidadzaza masamba ake.

Malo achitatu ndiwo amene mwambi umawatchula: kupatsa n'kuika. Makolo ankadziwa kuti nkhokwe imapsa, imaola, imabedwa. Chakudya chopatsa mnzako chokha ndicho chiswe sichidya, chifukwa tsiku la tsoka chimabwerera. M'midzi ya Achewa mudali chidyerano, pomwe mabanja a limana limodzi ankabweretsa nsima ndi ndiwo pamalo amodzi, amuna paokha, akazi ndi ana paokha. Mwanjira imeneyi mwana wamasiye ndi nkhalamba ankadya osapempha. Padalinso dima, pomwe mwini munda ankafulula mowa kapena thobwa, anthu n'kudzamulimira. Chaka chikavuta, anthu ankapita kukasuma kwa abale a kudera komwe mvula idagwa bwino, n'kubwerako ndi dengu pamutu.

Malo atatuwa adayesedwa koopsa pa njala ya 1949. Mvula ya nyengo ya 1948 ndi 1949 idadula mbewu zisanakhwime, makamaka m'chigawo cha kummwera, ndipo boma la Blantyre lidali pakati pa madera ovutika kwambiri. Nkhokwe zidatha msanga. Anthu adadya madeya, mizu ndi zipatso za kutchire, ndipo amene ankadziwa zomera zodyedwa ndi kachotsedwe ka ululu wake adapulumutsa ana awo. Boma lidaitanitsa chimanga kunja, ndipo pambuyo pake lidatsegula malo odyetserako ofooka. Katswiri wa mbiri Megan Vaughan, amene adacheza ndi anthu okalamba a m'boma la Blantyre n'kutulutsa buku lake mu 1987, adapeza kuti chimene amayi ankakumbukira kwambiri ndi kupasuka kwa mabanja. Amuna ambiri adapita kukasuma kwawo osabweranso, ndipo kudyera pamodzi kudachepa mpaka aliyense adayamba kudyera m'nyumba mobisa. Apa padaoneka kuti nkhokwe ya m'manja mwa abale nayonso ili ndi pansi pake.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma lidalimbikitsa nkhokwe za dziko lonse. Bungwe la ADMARC lidakhazikitsidwa mu 1971, ndipo ku Kanengo mu Lilongwe kudamangidwa nkhokwe zazikulu za simenti. Alangizi adabweretsa chimanga cha haibulidi chobereka kwambiri, koma amayi ambiri adachikana kuti chikhale chakudya cha pakhomo. Chidali chofewa: pokonola mumtondo chinkaphwanyika n'kutayika ndi madeya, ndipo m'nkhokwe chinkafumbwa msanga kusiyana ndi chimanga cha makolo. Ena ankayesa kukanako ndi umbuli, koma akatswiri a ku Chitedze adavomereza kuti amayiwo ankanena zoona, ndipo mu 1990 adatulutsa mitundu ya MH17 ndi MH18, ya njere zolimbirapo, yokonoleka bwino. Mawu a akulu adakoma atagonera.

Nkhokwe ya pabwalo idakumana ndi adani ena awiri. Woyamba ndi nankafumbwe wamkulu, wochokera ku Central America, amene adafika ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kulowa m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ameneyu amaboola makoko, njere, makaka, ngakhale mitengo ya nkhokwe imene. Wachiwiri ndi umbava, umene udakula m'zaka za njala monga 2002, pamene chimanga cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa ndipo mtengo wake udakwera koopsa. Kuyambira nthawi imeneyo mabanja ambiri amatonola chimanga, kuchithira mankhwala, ndi kuchisunga m'matumba kuchipinda chogona. Ena tsopano amagwiritsa ntchito matumba osalowa mpweya, omwe tizilombo timafera m'kati popanda mankhwala. Chimanga chatetezeka, koma chinthu china chasintha: nkhokwe ya pabwalo inkaoneka kwa aliyense, ndipo mwini wake sakadatha kunena kuti alibe mbale wake akabwera ndi lichero. Thumba la kuchipinda silioneka.

Chikwatu chokha ndicho sichidasinthe kwenikweni. Sichifuna ndalama, magetsi kapena mankhwala. Chimafuna masamba, dzuwa, ndi munthu wodziwa. Mfutso ukugulitsidwabe m'misika ya m'matauni, ndipo agogo amautumizabe kwa adzukulu okhala ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku London. Chilala cha 2024, chimene chidachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, chidakumbutsa anthu kuti chakudza sichiimba ng'oma. Mdzukulu amene agogo ake aakazi akadali moyo angachite bwino kukhala nawo pamphasa mwezi wa Malichi, kuti aone ndi maso mmene nkhwani amausadzulira ndi mmene luzi limamangidwira pa chikwatu, ndipo mfutsowo ukauma, atapeko wina akapatse mnansi.