Ndege zimene zinkadwala zikachoka kwa makaniko

M'chaka cha 1943, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, gulu la asilikali a ndege a ku Britain lotchedwa Coastal Command linagwira njakata. Ndege zake zamtundu wa Liberator, zosaka sitima za Germany zoyenda pansi pa nyanja, zinkangokhala pansi m'malo mouluka. Amene anafufuza nkhaniyi sanali makaniko n'komwe. Anali Conrad Waddington, katswiri wa sayansi ya zamoyo, wozolowera kuyang'ana mmene mwanapiye amakulira m'dzira.

Lamulo linali lakuti ndege ikauluka maola 50 izipita ku sevisi. Waddington ndi anzake atawerenga mabuku olembamo zovuta za ndegezo, anapeza zodabwitsa: zovuta zinkachuluka ndege ikangochoka m'manja mwa amakaniko, kenako n'kumachepa pang'onopang'ono mpaka sevisi ina itakwana. Sikuti amakanikowo anali osadziwa ntchito ayi. Kungoti chinthu chimene chikuyenda bwino ukachimasula, pobwezera bawuti imodzi imatsala yosamanga, waya amapanikizika, kafumbi kamalowa m'paipi. Atatalikitsa nthawi ya pakati pa masevisi ndi kuchotsa ntchito zopanda phindu, maola ouluka anakwera ndi pafupifupi 60 peresenti. Koma zomwe Waddington analemba zinakhala zachinsinsi mpaka 1973.

Pa zaka zonsezo mafakitale ankakhulupirira kalendala: tsiku likakwana, makina azimitsidwe, aphwasulidwe, zitsulo zisinthidwe, kaya zatha kaya ayi. Njira imeneyi inafika ku Japan kuchokera ku America mu 1951, ndipo eni dziko anaiwonjezera zawo. Ku Nippondenso, kampani yopangira Toyota zipangizo zamagetsi, woyendetsa makina anauzidwa kuti azipukuta yekha makina ake, kuthira oyilo ndi kumanga mabawuti, osadikira makaniko. Kampaniyi inalandira mphoto chifukwa cha zimenezi mu 1971, ndipo katswiri wina, Seiichi Nakajima, anafalitsa njira yatsopanoyi ndi dzina lakuti TPM.

Amene anagwetsa kalendala kwenikweni ndi a ndege zonyamula anthu. Boeing 747 itatsala pang'ono kuyamba kuuluka, zinaoneka kuti kuphwasula chindege chotere motsata malamulo akale kukanasaukitsa makampani. Mainjiniya a United Airlines, Stanley Nowlan ndi Howard Heap, anasanthula mbiri ya zipangizo za ndege, ndipo lipoti lawo la mu 1978 linati pa zipangizo 100 zilizonse, 11 zokha ndi zomwe zimawonongeka chifukwa cha ukalamba. Zina 89 ukalamba suzikhudza, ndipo 68 mwa zimenezi zimakonda kuvuta zikadali zatsopano kapena zitangokonzedwa kumene. Kunali kubwereza zimene katswiri wa mazira uja anaona kale. Pa ndege yakale ya DC-8, zipangizo 339 zinkayenera kuphwasulidwa nthawi yake ikakwana. Pa DC-10, imene inabwera pambuyo pake, zinatsala 7.

Nzeruzi zinalowa m'migodi ndi m'mafakitale kudzera mwa anthu ngati John Moubray, amene anaziyesa ku South Africa m'zaka za m'ma 1980, buku lake n'kutuluka mu 1991. Funso linasintha. M'malo mofunsa kuti makina akhala zaka zingati, mainjiniya anayamba kufunsa kuti chitsulo chilichonse chimawonongeka motani, chimachenjeza bwanji, nanga chikafa chingapweteke ndani.

Kuchenjezako amakaniko akale ankakudziwa. Munthu ankagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa bering'i, chigwiriro n'kuika kukhutu, ndipo ankamva ngati mkatimo mwayamba kukukuta. Masiku ano ntchitoyo ikugwiridwa ndi timakina tomatidwa pa mota, toyeza kunjenjemera usana ndi usiku n'kutumiza manambala ku kompyuta. Oyilo amatengedwa m'kabotolo kupita naye ku labotale kukaona ngati muli tizidutswa ta chitsulo, ndipo kamera yoona kutentha imaulula waya amene wayamba kupsa. Zida zimenezi n'zokwera mtengo, ndipo fakitale yozigula popanda munthu wowerenga manambalawo imangotaya ndalama.

Zinthu zina, monga babu, amazisiya dala kuti zife zokha, popeza kuzisintha n'kosavuta. Zomwe sasekerera ndi zipangizo zoteteza ngozi, monga valavu yotulutsa nthunzi pa boyila. Imeneyi ikhoza kuuma miyezi yambiri wina aliyense osadziwa, choncho imayesedwabe pa masiku oikika.